Chipika Chimene Atsibweni Anandikankhitsa

Atsibweni anga a Mukhweya tinawaika mwezi wathawu, ndipo pamaliro pawo anthu ananena zabwino zambiri, zina mwa izo zoona. Wina anaimirira n'kunena kuti malemuwa anali munthu wofatsa. Ine ndinali m'siwa ndi amayi anzanga, ndinangoweramitsa mutu kuti asandione nkhope. Wofatsa ndani? Bambo amenewa ndawaopa kuyambira ndili kamtsikana mpaka ndamera imvi, ndipo ngakhale nthawi yoona nkhope ndinayandikira bokosi monyang'ama, ngati angadzuke n'kundifunsa chimene ndachedwera.

Sankamenya munthu, sankakalipanso. Choopsa chawo chinali chakuti sankadziwa bodza lotonthoza. Ukawafunsa ngati zinthu ziyenda bwino, ankakuyang'ana ndi maso awo ofiira aja n'kukuuza kuti sakudziwa. Kenako ankayamba kukufotokozera njira zonse zimene zinthuzo zingalakwikire, imodziimodzi, osafulumira.

Ntchito yawo inali ya mahatchi, pamwamba pa phiri la Zomba. Iwo sankati hatchi, ankati kavalo, monga ankatchulira makolo athu amene anachokera ku Mozambiki. Anayamba ali mnyamata, kuwola ndowe ndi kumweta udzu m'khola la mzungu wina, ndipo pomakalamba n'kuti ophunzitsa kukwera ali iwo, khola litadutsa m'manja mwa eni ake angapo. Eni ankasintha, akavalo ankafa ena n'kubwera, koma a Mukhweya unkawapeza pomwepo, ndi chipewa chawo chaubweya ndi chijasi chonunkha thukuta la kavalo. Kutauni ankatsika mwa apo ndi apo. Akalowa m'minibasi anthu ankasendera kutali, iwo n'kumati ana a masiku ano ulemu akadali nawo.

Ife a kumunsi kuno, a ku Sadzi ndi ku Masongola, tinkangodziwa kuti kuphiri kuli mahatchi a alendo. Mlendo amamukweza, amamuyendetsa pakati pa mitengo ya paini, amajambulitsa, n'kutsika. Za mpikisano ambiri sankazidziwa, ndipo ineyo ndinazidziwa mochita kukakamizidwa. Mpikisano wake uli ndi mayeso atatu, kavalo yemweyo ndi wokwera yemweyo. Oyamba amawatcha diresaji. Wokwera amalowa yekha m'bwalo lamchenga lamakona anayi, lokhala ndi zilembo m'mbali mwake, n'kuchita zimene waloweza pamtima: apa uyende, pachilembo chakuti uthamange pang'ono, apa uzungulire, apa uime nji miyendo inayi ya kavalo italingana. Woweruza amakhala m'galimoto kumapeto kwa bwalo. Akaliza hutala ndiye kuti yamba, ndipo chilichonse chimene wachita amachipatsa malikisi. Mayeso ena ndi olumpha timitengo topaka penti, timene kavalo akatigunda timangogwa, iwe n'kutaya malikisi basi. Koma pali a kuthengo, othamanga liwiro lenileni, kulumpha maenje, madzi ndi zipika. Zipika za kuthengo sizigwa, amachita kuzikhomerera pansi.

Mulinso magawo, ngati masitandade a kusukulu. Gawo lililonse lili ndi dzina lake lachingerezi, koma atsibweni ankawatchula potengera thupi la munthu. Pali gawo la m'maondo, pamene zolumpha zimalekeza m'maondo ndipo pamchenga umangoyenda ndi kuthamanga pang'ono. Pali la m'ntchafu. Pali la m'chiuno, pamene kavalo ayenera kudziwa kubwerera chambuyo ndi kuzungulira timabwalo tating'ono, ndipo zipika zake zimakula msinkhu ndi mulifupi momwe. Pamwamba pake pali la pachifuwa, limene ankati kuno analifikapo ndi owerengeka.

Kupempha atsibweni kuti akukweze gawo kunali kupempha mvula mu Ogasiti. Ankati amene kavalo wake saima bwino pamchenga alibe chokachita kuthengo, poti kavalo wosamva pamene palibe choopsa sangayambe kumva pamene pali dzenje. Mwana ankatha chaka akungozungulira mabwalo, anzake akulumpha, misozi ili mbwembwembwe, iwo osatekeseka. Ankatinso wokwera wonena kuti saopa ndi wabodza kapena ndi chitsiru, ndipo onse awiriwo sankawafuna pamsana pa kavalo wawo. M'mawa wa tsiku la mayeso ankavula nsapato n'kuyenda njira yonse ya kuthengo, mame ali tho, kuzizira kwa kuphiri kuja. Ankasaka maenje a okumba mbewa ndi mawaya a otchera agwape, ndipo ankati phazi limapeza zimene diso laphonya. Ndi okumba mbewa anali pachidani chosatha. Chaka china anawalanda makasu n'kuwatsekera m'nyumba ya zishalo, mpaka akuluakulu a m'mudzi wa kuseri anachita kubwera kudzawapepesera. Kuyambira pamenepo anthu a kumeneko ankawatcha mfumu ya mbewa, ndipo dzinalo analimva koma sanaseke.

Kumpingo anawadula kawiri, chifukwa mipikisano inkagwa Lamulungu. Kachiwiriko sanapitenso kukapepesa. Ankati sangakhale pabenchi n'kumaimba pamene mwana wa mwini akuuluka pamwamba pa dzenje, ndipo Mulungu akawafuna akudziwa pamene amaima.

Koma lamulo limene linawadanitsa ndi anthu ambiri linali lina. Mwana aliyense wofuna kulowa gawo la m'chiuno, amake ankayenera kubwera kaye. Bambo sankakwanira, foni sinkakwanira. Ankafuna amake enieni, ndi miyendo yawo, adzayende nawo njira yonse ya kuthengo, ndipo tsiku la mayeso adzaime nawo pamene iwo amaima. Bwana wina wa ku Blantyre anakwiya nazo koopsa. Anati mkazi wake amadwala mtima, mwana ndi wake, ndipo iye wavomera kale. Atsibweni anati ndiye mwanayo akhale m'ntchafu momwemo. Bwanayo anamuchotsa mwana n'kupita naye kwina, ndipo ndinamva kuti mnyamatayo anakwera bwinobwino, anatenga zikho, sanathyoke ngakhale chala. Eni khola anawadzudzula atsibweni kuti akuthamangitsa anthu. Iwo anavomera kuti n'zoona, koma lamulo sanasinthe.

Ine ndinkadziwa kumene lamuloli linachokera, poti linachokera m'nyumba mwathu.

Tinabadwa awiri, ine ndi achimwene anga a Faniwelo. Bambo athu atamwalira, atsibweni monga mwini mbumba anawatenga a Faniwelo kupita nawo kuphiri kuti akaphunzire ntchito. Amayi ankadziwa kuti mwana wawo amatsuka mahatchi ndi kuyendetsa ana a alendo atagwira chingwe. Za kulumpha onse awiri anawabisira, podziwa kuti akana. Achimwene anali ndi luso, amatero amene anawaona, ndipo magawo anakwera mofulumira. Ine ndinali ndisanamalize pulaimale pamene munthu anafika pakhomo ali wefuwefu kudzanena kuti tithamangire kuchipatala. Kavalo anagunda chipika ndi miyendo yakutsogolo, anatembenuzika m'malere n'kugwera pa achimwene. Khosi linathyoka. Anakhala masiku angapo akuyang'ana kudenga, akutha kulankhula koma thupi lawo osalimva, ndipo ankangofunsa ngati kavalo uja wadzuka.

Titaika maliro, tisanamete n'komwe, amayi anaimirira pamaso pa anthu n'kunena kuti, "Achimwene, mukandionetse chimene mwana wanga ankalumpha."

Anthu anayesa kuwaletsa koma anakanika. Ine anandisiya kunyumba, zimene zinachitika ndinazimva kwa mayi wina amene anawaperekeza. Anakwera phiri wapansi. Atafika pachipikapo amayi anachiyang'ana nthawi yaitali, kenako anachikankha ndi manja awiri. Sichinasunthe. Anachikankha ndi phewa mpaka mpango unagwa. Ndiye anatembenuka n'kuwauza atsibweni kuti, "Mukanandionetsa ali moyo."

Amenewo ndiwo mawu omaliza amene amayi analankhula kwa mlongo wawo, ngakhale anakhala zaka zambiri pambuyo pake. Mwezi uliwonse atsibweni ankatsika ndi dengu la mbatatesi n'kulisiya pakhonde, amayi n'kugawira aneba osatapamo ngakhale imodzi. Pamaliro a amayi, nthawi yoti mwini mbumba alankhule itakwana, atsibweni anaimirira, anavula chipewa, anatsegula pakamwa, n'kukhalanso pansi. Ndinawafunsapo kamodzi, ndili wamkulu, chifukwa chimene sanasiyire ntchito ya mahatchi. Anati iwo atasiya ana sangasiye kukwera, kungoti angaziphunzitsidwa ndi munthu amene sananyamulepo mwana wothyoka khosi pachitseko ngati machira.

Ndiye muganize mmene ndinamvera pamene mwana wanga yekhayo, Tinyade, anabwera kunyumba akununkha fungo lija. Ndinali nditagonekedwa m'chipatala pa holide ina, bambo ake ali kutali ndi ntchito, ndipo kunalibe kwina komusiya koma kuphiri kwa agogo ake, atsibweni omwewo. Ndinawalumbiritsa kuti mwana asayandikire khola. Nditamva fungolo ndinakwera phiri bala la opaleshoni lisanapole, ndipo ndinawalalatira atsibweni mawu amene sindingawalembe pano. Anandimvetsera mpaka mpweya unandithera.

"Sindinamukweze ine," anatero. "Ndinamupeza ali pamwamba kale, wopanda chishalo, wopanda chipewa. Ndiye usankhe, Esinati. Azikwera mobisala, kapena azikwera ine ndikuona."

Ndinamuletsa miyezi ingapo. Mwana anasiya kuseka, anayamba kuthawa kusukulu n'kukwera phiri wapansi yekhayekha, msungwana, m'njira ya ocheka matabwa. Ndinagonja, koma ndinati pamchenga pokha. Mchenga unabala maondo, maondo anabala ntchafu. Amati wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima, koma ameneyo sanafunse ine. Loweruka lililonse ndinkachapa zovala zochapa kale kuti manja apeze chochita, foni nditaimangirira pansonga ya chitenje, ndipo ikalira mtima unkayamba waima kaye.

Kukaonerera ndinapitako kamodzi, mayeso a pamchenga. Hutala analira, mwana wanga analowa pakati pa bwalo, msana uli chilili, kavalo akuponda ngati akuopa kudzutsa munthu. Anaima, anaweramitsa mutu kupereka ulemu kwa woweruza, n'kuyamba kuzungulira. Manja ake sindinawaone akusuntha, koma chinyama chachikulu chija chinkamumvera. Zinali zokongola, ndipo zimenezo ndi zimene zinandikwiyitsa, chifukwa ndinadziwa kuti mwanayu sindidzamubwezanso. Ndinachoka asanayambe za kuthengo.

Tinyade atalemba mayeso a Fomu Folo, tsiku lina anaima pakhomo la khitchini n'kunena kuti, "Amayi, agogo akuti mubwere." Ndinadziwa kuti lamulo lija la gawo la m'chiuno landifikira.

Unali mwezi wa Juni, kukuzizira kobaya m'mafupa. Ndinawapeza akundidikira pakhola, ndipo moni wake unali wamfupi. Tinayamba kuyenda, iwo patsogolo. Pacholumpha chilichonse ankaima n'kundiuza kuti ndichigwire. China chinali ngati tebulo, china mpanda wa nthambi, china chotsikira m'madzi akuda. Ankandiuza kumene kavalo amachokera, pamene amanyamukira, ndi chimene chimachitika akanyamuka mochedwa. Ine ndinkangoti eya, eya. Tinatsika kachigwa kena, mitengo inatseguka, ndipo ndinachiona: chipika cha paini chachikulu ngati mgolo, chitagonekedwa pamwamba pa mizati, dzenje lili patsogolo pake. Sanachite kundiuza kuti ndi pamenepa.

"Mtengowu tasinthapo kangapo, umaola," anatero. "Malo ndi omwewa. Kankha."

Ndinakankha.

"Kankha ngati ukufuna chigwe."

Ndinakankha mpaka makungwa anandilowa m'manja. Chinali ngati ndikukankha khoma la tchalitchi.

"Tsopano tsika m'dzenjemo, uyang'ane kumwamba."

Ndinatsika, nsapato zinamira m'matope. Kuchokera pansipo chipika chinkaphimba thambo. Atsibweni anagwada m'mphepete n'kuloza ndi chala pamene pamagunda miyendo. Anati kavalo akagunda ndi ziboda amangopunthwa n'kupitirira. Akagunda pamwamba pa bondo, mutu umapita pansi, matako amapita kumwamba, wokwera amayamba kufika pansi, kavalo n'kubwera pambuyo. Anati chipewa chimateteza mutu, chovala cholimba chimene okwera amavala pachifuwa chimateteza nthiti, koma cha khosi sanachipangebe. Zonsezi ankanena ndi mawu omwe aja ouzira munthu mtengo wa feteleza.

"Nanga mwanayo wakonzeka?" ndinafunsa.

"Mmene ndikuonera ine, wakonzeka. Kavalo wakenso ndi wanzeru. Koma Faniwelo analinso wokonzeka."

Ndinatuluka m'dzenjemo chokwawa. Ndinawagwira chijasi, chinthu chimene ndinali ndisanachitepo chibadwire.

"Atsibweni, mwini mbumba ndinu. Kanani inuyo. Mukamuuze kuti sanakonzeke."

"Ndikamunamize?"

"Eya, kamunamizeni. Adane ndi inu, asadane ndi ine. Inu kudedwa munazolowera."

Mawu amenewo anawalasa, ndinaona. Kenako anati, "Umwini mbumba ndinaugwiritsa kamodzi pa mwana wa mlongo wanga. Ndinawasankhira amako osawafunsa. Sindidzasankhiranso mayi wina, ngakhale iwe. Ukati ayi ndi ayi, koma ukamuuze wekha. Ukati eya, tsikulo udzaima pano ndi ine."

Ndinatsika phiri ndikuwatukwana mumtima. Kunyumba Tinyade sanandichonderere. Ankandiphikira tiyi, ankasesa, ankandiyang'ana ndikayang'ana kwina. Ndikatseka maso ndinkaona achimwene akuyang'ana kudenga, koma nkhope inali ya mwana wanga. Tsiku lina tikutsuka mbale ndinamufunsa ngati amaopa.

"Kwambiri, amayi. M'mawa wa mayeso ndimasanza."

"Nanga ukufuniranji?"

"Ndikakhala pamwamba paja ndi pokhapo pamene ndimadziwa chimene ndikuchita."

Ndinadziwa kuti ndikakana adzandimvera chaka chimodzi kapena ziwiri, kenako adzapita kukalumpha kwina, kumene kulibe nkhalamba yoyenda m'mame yopanda nsapato. Ndinavomera manja ali m'beseni, osamuyang'ana.

Tsikulo linafika ndi chiperoni. Mayeso a pamchenga anachitika m'mawa, kamvula kakuwaza. Nthawi ya kuthengo nkhungu inatsika, anthu anadikira, kenako inapepuka pang'ono ndipo anati ayambe. Ine ndi atsibweni tinali titaima kale pambali pa chipika chija. Mitengo yapafupi inkaoneka, yakutali ayi. Okwera awiri achikulire anadutsa, koma ine ndinali nditaphimba nkhope ndi mpango, ndinangomva mphepo yawo. Ndiye atsibweni anati, "Wotsatira ndi iye. Chotsa mpangowo. Uyang'ane, usaphethire."

Wezulo analira kutali. Mgugu wa ziboda ndinayamba kuumva m'mapazi, usanafike m'makutu. Unkakula, kuzimirira kuseri kwa kaphiri, n'kubweranso. Atsibweni anandigwira pamkono, ndipo kugwira kwake kunali kopweteka moti ndinacheuka kuti ndiwauze. Ndinapeza atafulatira. Chipika chinali kumbuyo kwawo, maso atatsinzina, milomo ikugwedera, akunong'ona kuti dzuka, dzuka, dzuka, ngati kavalo angawamve.

Mantha amene anandigwira pamenepo sindinawamvepo kale. Ndinkayesa kuti mwana wanga akuyang'aniridwa ndi munthu wachitsulo, ndipo pano woyang'ana ndinali ine ndekha. Kavalo anatulukira m'nkhungu, mphuno zili tong'o, Tinyade ataweramira pakhosi pake, nkhope yonse matope. Ndinamva mawu ake akuti, "Tiye!" Ndinaona mimba ya kavalo pamwamba pa dzenje. Chiboda chinagunda mtengo, kho. Kavalo anatera, anapunthwa, mphuno pafupi kukhudza pansi, mwana anapendekera mbali imodzi, kenako anadzikoka n'kukhalanso pakati. Nkhungu inawameza.

"Wadutsa?" anafunsa atsibweni, akadali chifulatire.

"Wadutsa."

"Ali pamwamba?"

"Ali pamwamba."

Miyendo inawakana. Anakhala pansi m'matope momwemo, akunjenjemera ngati wamalungo. Ndinamasula chitenje changa n'kuwafunditsa m'mapewa, ndipo tinakhala choncho, ine ndikulira, iwo akupuma movutikira. Atapezako mpweya anandiuza kuti chichitikireni za achimwene sanaonepo kavalo akudutsa pamalo amenewo. Ankaima pamenepo kwa mwana aliyense kuti zikavuta akhale oyamba kufika, koma kuyang'ana ankalephera.

"Amayi ndimawaitana aja ndimafuna aone ana awo ali moyo, n'zoona," anatero. "Komanso ndi amene amandionera. Usawauze ana. Akadziwa, akavalo adziwanso."

Sindinamuuze munthu mpaka lero. Tinyade sanawine tsiku limenelo, anagwetsa timitengo tiwiri pa mayeso omaliza. Madzulo ake ndinamva agogo ake akumudzudzula kuti pamchenga anaimitsa kavalo mwendo umodzi uli kumbuyo, ndi mawu awo ouma aja, ngati si iwo amene ndinawafunditsa chitenje masana. Musaganize kuti kuyambira pamenepo ndinasiya kuwaopa. Ndinkawaopabe, kungoti tsopano ndinkaopa nawo limodzi. Ndinaima nawo pachipika chija nthawi zonse zimene Tinyade anadutsapo, iwo atafulatira, ine maso ali tong'o, ndipo sizinapepukepo ngakhale tsiku limodzi.

Zaka zingapo zapitazo eni omaliza anagulitsa akavalo. Akavalowo analowa m'malole atsibweni akuona, ndipo iwo anatsika kudzakhala nafe ku Sadzi, m'chipinda cha kuseri. Tauni sinawayanje. M'mawa unkawapeza pabwalo opanda nsapato, akukwirira ndi phazi timaenje tokumba agalu. Chibayo chitawagwira sanalimbane nacho kwenikweni. Adokotala atawauza kuti achira, anawayang'ana ndi maso aja n'kuwafunsa kuti akudziwa bwanji.

Tinyade tsopano ali ku Joni, amagwira ntchito m'khola lalikulu la akavalo a mpikisano. Kumaliro anafika titaika kale, anagona masiku ochepa n'kubwerera. Sabata yatha anaimba foni. Anati amene amamuphunzitsa kumeneko akuti wakwana kulowa gawo la pachifuwa.

"Kuno safunsa makolo, amayi, ndine wamkulu. Koma ine ndikufunsa."

Ndinamuuza kuti ndimuyankha Loweruka. Loweruka m'mawa ndinakwera phiri, sindikudziwa kuti ndinkati ndikapezako chiyani. Khola lilipo makoma okha, malata anasasula, ndipo m'chipinda china mwamera mtengo wa pichesi. Paini yense wa mbali imeneyo anadula, patsala zitsa ndi utuchi, moti njira ndinaisochera kawiri. Kachigwa kaja ndinakazindikira ndi dzenje, lakwiririka theka, mwadzaza chisoso. Chipika palibe, mizati palibe. Malo onsewo wina walimapo mbatatesi, mizere yake yowongoka bwino. Ndinaima pamenepo n'kumuimbira foni Tinyade.

"Zipika zake wazikankha?"

"Ndazikankha, amayi."

"Zasuntha?"

"Ayi."

"Pamene pali poopsa kwambiri padzaima ndani?"

Anati padzakhala munthu wa mpikisano, sakumudziwa dzina.

Ndinafuna kunena kuti ayi, Mulungu ndi mboni, mawuwo anafika pakhosi. Ndinati, "Kwera, mwananga." Anathokoza motsitsa mawu, foni inaduka.

Tsiku limenelo ine ndidzakhala ku Sadzi, kutali, osaona kanthu. Wofulatira tsopano ndine, ndipo wondionera palibe. Ndinakhala pachitsa. Mphepo inkadutsa pamtetete popanda choigwira, khwangwala ankayenda pakati pa mizere, ndipo kumunsi kwa chigwa mayi wina amene ankapalira anaweramuka n'kundifunsa mwaulemu ngati ndataya kanthu.